Lamya ya Pakati pa Usiku: Mbiri ya Nambala 988 ku Amereka

Pa 16 Julayi 2022 anthu a dziko la United States, ku Amereka, analandira nambala yatsopano ya lamya. Nambalayo ndi yaifupi, 988, ndipo munthu ali yense amene wathedwa nzeru, kapena amene maganizo ace asokonezeka kufikira kufuna kudzipha, akhoza kuiimba usana kapena usiku wosalipira kanthu. Womyankha ndiye mlangizi wophunzitsidwa kumvetsera ndi kutonthoza. Manyuzipepala anaitama nambalayo, ndipo inayeneradi kutamidwa. Koma anthu ogwira nchito pansi pa mgodi adziwa bwino kuti belu la ngozi liribe phindu ngati pamwamba palibe wolimvera, ndiponso kuti womverayo sangacezere usiku wonse, caka ndi caka, wopanda malipiro. Tsono adzamlipira ndani? Pa funso limeneli anthu a ku Amereka akhala alikukangana zaka pafupifupi 170.

Zigawo 50 ndi Boma limodzi

Kuti nkhaniyi imveke, kuyenera kudziwika poyamba m'mene dzikolo lilamulidwira. United States ndi citaganya ca zigawo 50. Cigawo ciri conse ciri ndi Bwanamkubwa wace, Nyumba ya Malamulo yace, apolisi ace ndi misonkho yace. Pamwamba pa zonsezi pali Boma Lalikulu la mu mzinda wa Washington, kumene kukhala Pulezidenti ndi Nyumba ya Malamulo yochedwa Congress. Za nkhondo ndi za kusula ndarama ziri m'manja mwa Boma Lalikulu. Koma kusamala amphawi ndi odwala, kuyambira kale, inali nchito ya zigawo. Ncifukwa cace munthu wodwala maganizo ku Virginia ndi mnzace wa ku Texas sapeza cithandizo cofanana, angakhale onse awiri ali nzika za dziko limodzi.

Mai amene anayendera ndende

M'caka ca 1841 mphunzitsi wina wamkazi, Dorothea Dix, anapita ku ndende ya East Cambridge, m'cigawo ca Massachusetts, kukaphunzitsa akaidi aakazi mau a Mulungu. Kumeneko anapeza anthu odwala misala atatsekeredwa pamodzi ndi akuba, m'zipinda zopanda moto m'dziko la cisanu coopsa, angakhale sanapalamule mlandu. Maiyo anayendera ndende ndi nyumba za amphawi m'cigawo conse, nalemba zonse anaziona: anthu omangidwa maunyolo, ena osungidwa m'makola ngati zoweta. Mu 1843 anapereka kalata yace ku Nyumba ya Malamulo ya cigawoco kupyolera mwa phungu wina, pakuti akazi analibe mpando m'Nyumbamo. Aphungu anacita manyazi, nabvomera ndarama zokuzira cipatala ca ku Worcester. Iye anacita cimodzimodzi m'zigawo zina, ndipo zipatala zoposa 30 zinamangidwa kapena kukuzidwa cifukwa ca khama lace.

Atatero anapita ku Congress, napempha kuti Boma Lalikulu lipatule malo okwana maekala 10 miliyoni, kuti ndarama zogulitsa malowo zisamale amphawi odwala misala. Mu 1854 aphungu anabvomera, koma Pulezidenti Franklin Pierce anakana kusaina. Maganizo ace anali akuti Boma Lalikulu likayamba kusamala amphawi amisala, lidzayenera kusenza amphawi onse a m'dziko, ndipo nchito imeneyo ndi ya zigawo. Kukana kumeneku kunakhala ngati malire a munda. Zaka pafupifupi 100 zotsatira, katundu yense anatsala pa mutu pa zigawo.

Njerwa zopanda malipiro

Zipatala zija zinamangidwa ndi mtima wabwino, koma zigawo sizinapereke ndarama zokwanira kuziyendetsa. Odwala anaculuka, madotolo ndi anamwino anacepa, ndipo nyumba zimene zinayenera kukhala zociritsiramo zinasanduka zosungiramo anthu. Pofika 1955 m'zipatala za zigawo munali odwala pafupifupi 559,000, ndipo ambiri anakhalamo zaka makumi, ena mpaka imfa. M'zaka zomwezo kunafika mankhwala atsopano okhazika maganizo, monga chlorpromazine, ndipo madotolo anayamba kunena kuti odwala ambiri angathe kukhala kwao, ngati pafupi pali kacipatala kowayang'anira.

Pulezidenti John Kennedy anagwirizana nao. Pa 31 Okutobala 1963 anasaina lamulo lomangira zipatala zazing'ono za maganizo pafupi ndi kumene anthu akhala. Patapita milungu itatu iye anaphedwa ku Dallas. Lamulolo linapereka ndarama za njerwa ndi denga, koma Congress inacotsamo ndarama za malipiro a anchito. Za malipirozo zinabwera mu 1965, koma zinali za zaka zowerengeka, zocepa caka ndi caka. Anaganiza zomanga zipatala 1,500. Zimene zinamangidwa zinali pafupifupi theka lace. Mu 1981, pa ulamuliro wa Ronald Reagan, Boma Lalikulu linamanga ndarama zotere m'mtolo umodzi wocepa, ndi kuupereka kwa zigawo kuti zione zokha cocita nao. Nthawi imeneyo nkuti zipatala zazikulu zitatulutsa kale odwala zikwi mazana angapo. Ambiri anapeza mtendere pakati pa abale ao. Koma ena anagona m'miseu, ndipo ena anabwerera komwe Dorothea Dix anawapeza, ku ndende.

Lamya ya m'chalichi

Nzeru yothandiza munthu wobvutika mtima pa lamya inacokera tsidya lina la nyanja, ku London. Mu 1935 wansembe wacinyamata wa mpingo wa Anglican, Chad Varah, anaika maliro a mtsikana wamng'ono amene anadzipha atangotha msinkhu, poyesa kuti watenga nthenda yocititsa manyazi, popeza analibe womfunsa. Wansembeyo sanaiwale. Pa 2 Novembala 1953 anaika lamya pa chalichi ca St Stephen Walbrook, nalengeza kuti ali yense wofuna kudzipha aimbe. Anthu wamba anabwera kudzamthandiza kulandira alendo ndi kuwapatsa tiyi podikira, ndipo kunaoneka kuti ambiri obvutika, atakamba ndi anthu wambawo, sanafunenso kuonana ndi wansembe. Ndimo linayambira bungwe la Samaritans.

Ku Amereka nyumba yoyamba yochuka ya nchito iyi inatsegulidwa ku Los Angeles mu 1958 ndi akatswiri a za maganizo atatu, Edwin Shneidman, Norman Farberow ndi Robert Litman. Pambuyo pace m'mizinda yambiri munabuka tinyumba totere, tina m'machalichi, tina m'zipatala, kali konse ndi nambala yace, ndipo tambiri tinali kudalira anthu odzipereka ndi zopereka za acifundo. Pa 1 Januwale 2005 Boma Lalikulu linalumikiza nyumbazi pa nambala imodzi, 1-800-273-8255. Mu 2007 anaonjeza njira yapadera ya asilikari akale, amene podina 1 alankhula ndi alangizi odziwa za nkhondo.

Koma panali mabvuto awiri. Loyamba, nambalayo inali yaitali kwa munthu amene mutu wace wazungulira. Laciwiri, Boma Lalikulu linalipira kulumikiza kwa malamya, koma nyumba zoyankha linazipatsa kangacepe cabe. Malipiro a alangizi zinayenera kudzifunira zokha. Nyumba ina ikalephera kuyankha, lamya inali kupitirira ku nyumba ya cigawo cina cakutali, kwa mlangizi wosadziwa zipatala za kwao kwa woimbayo. M'zaka zotsiriza za nambala yakaleyo, pafupifupi mmodzi mwa oimba 6 anali kudula lamya asanayankhidwe. Ndipo cigawo ca Wyoming, cimene zaka zingapo cinatsogola pa kuculuka kwa odzipha poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu ace, cinalibe nyumba yaceyace yoyankha kufikira 2020.

Pamene abale aitana apolisi

Nambala imene ali yense anaidziwa inali ina, 911, ya apolisi, ozima moto ndi ambulansi. Inaimbidwa koyamba m'tauni ya Haleyville, ku Alabama, pa 16 Febuluwale 1968, ndipo inakhazikika cifukwa zigawo zinaipezera kasupe wa ndarama: kamsonkho ka mwezi ndi mwezi koonjezedwa pa malipiro a lamya. Cotero mwana akadwala maganizo usiku, makolo anali kuimba 911, ndipo wofika pakhomo anali wapolisi wa mfuti. Wapolisi aphunzitsidwa kulamula ndi kumveredwa msanga. Koma munthu wosokonezeka maganizo kawirikawiri sakumva lamulo, ndipo akapfuuliridwa, mantha ace akula.

Mu 1987, mu mzinda wa Memphis, apolisi oitanidwa kuti athandize Joseph Robinson, mwamuna wa zaka 27 amene anali kudzibvulaza ndi mpeni, anamuombera mpaka kufa. Anthu anakwiya, ndipo mu 1988 mzindawo unayamba kupatsa apolisi osankhika maphunziro a maora 40 a kalankhulidwe ndi odwala maganizo. Mizinda yambiri inatsanzira. Mzinda wa Eugene, ku Oregon, unayesa njira ina. Kuyambira 1989 cipatala ca White Bird cinali kutumiza galimoto ya anthu awiri opanda zida, wina wodziwa za mankhwala, wina mlangizi, ndipo gululo linachedwa CAHOOTS.

Koma m'malo ambiri zinthu sizinasinthe. Mu Meyi 2018 wapolisi wa ku Richmond, m'cigawo ca Virginia, anapha Marcus-David Peters, mphunzitsi wa zaka 24, amene anali wopanda cida koma wosokonezeka mutu. Pa 2 Juni 2019 apolisi a ku Walnut Creek, m'cigawo ca California, anapha Miles Hall, mnyamata wa zaka 23 wodwala maganizo, amene anali ndi citsulo colimira m'manja. Abale ace ndiwo anali pakati pa oimba 911 kupempha cithandizo. Anyamata onse awiri anali akuda, ndipo mabanja ao sanakhale cete. Maina ao tsopano ali pa malamulo a zigawo zao.

Nambala ibadwa

Ganizo la nambala yaifupi linakula m'cigawo ca Utah, cimene cinali kutaya acinyamata ambiri. Aphungu awiri a Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, Daniel Thatcher ndi Steve Eliason, anayesa kupeza nambala yotere ya cigawo cao, ndipo potsiriza nkhaniyo inafika ku Congress m'manja mwa Orrin Hatch ndi Chris Stewart, oimira Utah. Mu Ogasiti 2018 kunapangidwa lamulo louza bungwe loyang'anira malamya ndi mawailesi, lochedwa FCC, kuti lifufuze. Mu 2019 bungwelo linasankha 988, ndipo pa 16 Julayi 2020 linapatsa makampani a lamya zaka ziwiri zokonzera makina ao. Pa 17 Okutobala 2020 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lokhazikitsa nambalayo m'dziko lonse, aphungu a zipani zonse ziwiri atalibvomera.

Lamuloli linapereka nambala, koma silinatsegule thumba lacikhalire lolipira oyankha. Cimene linacita ndi kupatsa zigawo cilolezo: cigawo cofuna cikhoza kuika kamsonkho pa lamya iri yonse, monga umo zicitira ndi 911, ndipo ndarama zace zigwire nchito ya 988 yokha, ndiyo kulandira malamya, kulipira anchito, kutumiza magulu kwa wodwala ndi kumsamala kufikira mtima utakhazikika. Boma Lalikulu linathandiza ndithu poyambira, ndipo pofika 2024 linali litatayirapo madola pafupifupi 1.5 biliyoni, koma ndarama zotere Congress iyenera kuzibvomera mwatsopano nthawi ndi nthawi. Motero yankho la Franklin Pierce linabweranso m'cobvala catsopano, ndipo nkhani inabwerera ku Nyumba za Malamulo 50.

Masenti a mwezi ndi mwezi

Cigawo coyamba kuyankha cinali Virginia. Kumapeto a 2020 cinali citapanga kale lamulo la dzina la Marcus-David Peters, lofuna kuti akatswiri a za maganizo adzifika pa ngozi zotere, osati apolisi okha. Mu 2021 cinaika msonkho wa masenti 12 pa mwezi pa lamya ya m'manja yolipira kumapeto kwa mwezi, ndi masenti 8 nthawi iri yonse munthu agula mayuniti. Senti ndiyo kandarama kakang'ono ka kumeneko. Masenti 100 apanga dola imodzi.

Caka comweco zigawo zina zitatu zinatsata. Cigawo ca Washington, ca kumadzulo kwa dzikolo, cimene ciri cosiyana ndi mzinda wa dzina lomwelo, cinapanga lamulo motsogozedwa ndi phungu Tina Orwall: masenti 24 pa lamya iri yonse kuyambira Okutobala 2021, ndi masenti 40 kuyambira Januwale 2023. Ndiye kuti munthu wa lamya imodzi alipira madola 4 ndi masenti 80 pa caka. Mu Novembala 2022 cigawoco cinatsegulanso njira yapadera ya Amwenye eni nthaka a ku Amereka, yoyankhidwa ndi alangizi a mtundu wao. Colorado inalola msonkho wosapitirira masenti 30, ndipo Nevada wosapitirira masenti 35.

Ku California amai ace a Miles Hall, Taun Hall, anayenda m'misonkhano ndi m'maofesi kukamba za mwana wao. Phungu Rebecca Bauer-Kahan anapereka lamulo la dzina la mnyamatayo, ndipo Bwanamkubwa Gavin Newsom analisaina mu Sepitembala 2022. Msonkho wace unayamba pa masenti 8, ndi cilolezo cokwera pambuyo pace kufikira masenti 30. Mu 2023 zinalowa Minnesota, Oregon ndi masenti 40, ndi Delaware ndi masenti 60. Mu 2024 Maryland ndi masenti 25, ndiponso Vermont. Pamene nambala 988 inakwanitsa zaka ziwiri, zigawo za msonkho wotere zinali 10 zokha mwa 50.

Cifukwa ninji zina zinakana?

Otsutsa anali ndi zifukwa zao. Aphungu ambiri analonjeza owasankha kuti sadzaonjeza msonkho uli wonse, ngakhale wa masenti. Ena anati msonkho wa pa lamya ulemera kwa mmphawi koposa kwa mwini cuma, pakuti onse alipira cimodzimodzi. Makampani a lamya anapempha kuti msonkho ukhale wocepa, ndi kuti ulipire oyankha malamya okha, osati magalimoto ndi nyumba zolandirira odwala. Ndiponso panali cikumbukiro coipa: zigawo zina, monga New York ndi New Jersey, zinadziwika ndi kutenga ndarama za msonkho wa 911 ndi kuzigwiritsa nchito zina. Ncifukwa cace lamulo la 2020 linauza bungwe la FCC kuti caka ciri conse lidzifotokozera Congress kumene ndarama za 988 zapita.

Zigawo zambiri zinasankha kutapa m'thumba lalikulu la boma, aphungu akubvomera ndarama za caka cimodzi kapena ziwiri. Zina zinapereka zambiri ndithu mwa njira imeneyi. Koma bvuto lace ndi lakuti caka ciri conse lamya ya obvutika mtima iyenera kupikisana ndi miseu, masukulu ndi ndende, ndipo caka ca njala imene iyamba kudulidwa ndi nchito ya anthu opanda owalankhulira. Mkulu wa nyumba yoyankha sangalembe mlangizi nchito yacikhalire ndi ndarama zosadziwika ngati zidzabweranso. Akale anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo.

Wyoming inayesa njira yacitatu, ndiyo thumba losungitsa, lakuti ndarama zace zikhale zosakhudzidwa ndipo phindu lace lokha lilipire nchito. Mu 2023 aphungu anapanga thumbalo, koma ndarama zimene zinapemphedwa anazicotsa, nalisiya lopanda kanthu. Mu 2024, atakangana kwambiri, anaikamo madola 10 miliyoni.

Mafuwa atatu

Amene anaphunzira nchitoyi anena kuti iri ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu. Pfuwa loyamba ndilo munthu womuimbira. Laciwiri, munthu wobwera pakhomo. Lacitatu, malo opitako. Oimba ambiri athandizika ndi kukamba kokha, ndipo lamya ikatha safunanso cina usiku umenewo. Ocepa afuna kuti wina afike, ndipo apo mpamene pafunika gulu la pa galimoto. Mwa iwowa ena sangathe kugona kwao, ndipo afuna nyumba yabata ya anamwino ndi madotolo, yosakhala ndende. Pfuwa limodzi likasowa, mphika ugubuduka: mlangizi wopanda gulu lotumiza adzaitana apolisi, ndipo gulu lopanda nyumba lidzatula wodwala ku cipatala ca ngozi, kumene angadikire masiku.

Cigawo cimene cinatsogola poika mafuwa onse atatu ndi Arizona, ndipo cinatero mokakamizidwa. Mu 1981 loya wina, Charles Arnold, anasumira boma m'malo mwa odwala maganizo a dera la Maricopa, kuti silinawapatse cisamaliro cimene malamulo ace omwe analonjeza. Mlanduwo unatha mu 2014, patapita zaka 33, koma m'zaka zimenezo cigawoco cinamanga malamya, magulu oyendera ndi nyumba zolandirira. Ku Tucson anthu anaponya voti kubvomera ngongole yomangira nyumba yotere, ndipo inatsegulidwa mu 2011. Wapolisi akafika nayo ndi wodwala sabwezedwa, ndipo m'mphindi zowerengeka abwerera ku nchito yace. Cifukwa ca ici apolisi eni ace akonda kupita naye kumeneko koposa ku ndende.

Pfuwa laciwiri Boma Lalikulu linalithandiza mu 2021. Kumeneko kuli thumba lolipirira amphawi ku cipatala, lochedwa Medicaid, limene Boma Lalikulu ndi zigawo asonkherana. Lamulo la caka cimeneco linati cigawo cikakhazikitsa magulu oyendera oyenera, Boma Lalikulu lidzalipira madola 85 pa 100 ali onse kwa zaka zitatu zoyamba. Oregon ndiyo inayamba kulandira cilolezo cimeneci, mu 2022. Koma apanso mau akuti zaka zitatu ayenera kumveka bwino, pakuti ndi momwemo zinathera ndarama za malipiro za 1965.

Zimene zaoneka

M'caka ca 2022 anthu oposa 49,000 anadzipha ku United States. M'zaka ziwiri zoyamba za nambala 988, nyumba zoyankha zoposa 200 zinalandira malamya ndi mauthenga olemba oposa 10 miliyoni, ndipo nthawi yodikira kuyankhidwa inacepa kwambiri poyerekeza ndi masiku a nambala yaitali ija. Izi zionetsa kuti anthu obvutika analipo kale, ndipo cimene anasowa ndi khomo logogodapo. Koma zionetsanso kuti katundu alikukula, pakuti nambala ikadziwika, oimba aculuka, ndipo alangizi, amene nchito yao ndi yolemetsa mtima ndi ya malipiro ocepa, safulumira kupezeka.

Ndipo mbiri yabwino yokha siteteza nchito. Gulu la CAHOOTS lija, limene mizinda yambiri inatumiza nthumwi kukaphunzirako, linali kudalira pangano ndi mzinda wa Eugene ndi thumba la cipatala cace. Ndarama zitacepa, mu Epulo 2025 linaleka kuyenda m'miseu ya Eugene, litagwira nchito zaka zoposa 35, ndipo nchito yotere mu mzindawo inatsalira magulu a boma la dera.

Katatu tsono dziko limenelo layamba bwino. Linamanga zipatala za Dorothea Dix, koma silinazidyetse. Linamanga zipatala za Kennedy, koma silinalipire anchito ace kufikira mapeto. Tsopano liri ndi nambala yaifupi imene ngakhale mwana angaikumbukire. Cosiyana pa ulendo uno ndi cakuti zigawo zina zalemba m'malamulo ao kumene ndarama zidzacokera mwezi ndi mwezi, ndi kuletsa kuti zisapatutsidwire kwina. M'cigawo ca Washington mlangizi wa usiku alipidwa ndi masenti 40 a munthu ali yense wa lamya, wodwala ndi wamoyo yemwe, pakuti palibe adziwa tsiku limene mwana wace adzafuna kuimba. M'zigawo zimene ziribe lamulo lotere, malipiro a mlangizi ameneyo ayembekeza voti ya aphungu pa msonkhano uli wonse wogawa cuma ca boma.